Ciongolero colimba pa magalimoto akale: zimene oyendetsa pa mapiri a Kacholola afunika kudziwa

KACHOLOLA, Nyimba — Oyendetsa magalimoto amene amadutsa pa mseu waukulu wa Great East Road amadziwa kuti pakati pa mlatho wa Luangwa ndi boma la Nyimba sipafuna munthu wa tulo. Mseuwo umakwera ndi kutsika mapiri, umakhotakhota, ndipo m'malo ena mbali imodzi kuli thanthwe pamene mbali inayo kuli phompho. Kacholola ali pakati pa mapiri amenewa, ndipo dzina lake lamveka kambiri m'nkhani za ngozi za pa mseu.

Ngozi ikacitika, anthu amakamba kwambiri za liwiro, mowa, tulo ndi mabuleki. Koma pali vuto lina limene limabwera mwakacetecete, makamaka pa magalimoto akale, ndipo ndi kulimba kwa ciongolero. Vutoli limakula pang'onopang'ono, moti mwini galimoto amalizolowera ndi kumati ndi mmene magalimoto akale alili. Amadzazindikira kuti zinthu zinaipa kale tsiku limene galimoto yakana kukhota pa ngodya.

Galimoto yoyenda pa liwiro la makilomita 60 pa ola imapita mamita pafupifupi 17 pa sekondi imodzi. Pa liwiro la makilomita 80 imapita mamita 22. Conco ciongolero cikagwira kwa sekondi imodzi cabe pa ngodya ya phiri, galimoto imakhala italowa kale mbali ya magalimoto obwera kutsogolo kapena itacoka mu mseu.

Mlatho wa Luangwa umene ukugwira nchito tsopano unatsegulidwa mu 1968. M'zaka za m'ma 2010 mseu wocokera pa mlathowu kukafika ku malire a Mwami unamangidwanso ndi thandizo la ndalama zocokera ku European Union ndi mabanki a citukuko. Phula linakhala losalala, koma mapiri ndi ngodya zilipobe, ndipo mseu wosalala umakopa woyendetsa kuti aponde moto.

Magalimoto amene nkhaniyi ikukhudza

Magalimoto ambiri a masiku ano ali ndi makina othandiza kupotoza ciongolero, ena a mafuta ndi ena a magetsi. Galimoto yoyamba yogulitsidwa kwa anthu wamba yokhala ndi makina otere inali Chrysler Imperial ya mu 1951 ku America, koma panapita zaka zambiri kuti makinawo afike pa magalimoto ang'onoang'ono ndi mavani a nchito.

Ici ndiye cifukwa cake magalimoto ambiri akale amadalira mphamvu ya manja a woyendetsa. Pakati pa iwo pali Land Rover ya mtundu wa Series, imene inayamba kupangidwa mu 1948 ndipo ya Series III inalekeka mu 1985. Palinso Peugeot 404 ya mu 1960, Peugeot 504 ya mu 1968, mavani a Datsun, ndi Toyota Hilux yakale imene inatuluka koyamba mu 1968. Ena mwa magalimoto a mitundu yakale analumikizidwa m'dziko muno: ku Livingstone kunali kulumikizidwa magalimoto a Fiat ndi Peugeot, pamene ku Ndola kunali kulumikizidwa Land Rover.

M'midzi ya m'maboma a Nyimba ndi Petauke, galimoto yakale imagwira nchito yaikulu. Imanyamula cimanga ndi nshawa kupita ku misika, imatenga nthoci za ku Nyimba, ndipo usiku imathamangira ku cipatala ndi mai wapakati kapena mwana wodwala. Ikaonongeka, banja limataya ndalama ndipo mudzi umasowa mayendedwe.

Kumbali ina, m'mizinda muli anthu amene amasunga magalimoto akale othamanga a mipando iwiri monga MGB ndi Triumph Spitfire, amene anapangidwa ku Britain kucokera mu 1962 kufika mu 1980. Ngakhale kuti magalimotowa ndi opepuka ndipo amayenda pa phula, matenda a ciongolero cao ndi amodzimodzi ndi a vani ya kumudzi, ndipo njira yofufuzira vuto ndi imodzi.

Mmene ciongolero cimagwirira nchito

Mphamvu ya manja imacoka pa gudumu la ciongolero, imatsika ndi mtanda wa citsulo, ndi kulowa m'makina amene amasandutsa kuzungulira kukhala kukankha kumanja kapena kumanzere. Makinawa ali m'mitundu iwiri ikuluikulu.

Mtundu woyamba ndi umene amakanika amaucha rack and pinion. Giya yaing'ono imaluma mtanda wautali wa mano, ndipo mtandawo umakankha mawilo onse awiri. Mtunduwu upezeka pa Peugeot 404 ndi 504, pa MGB ndi pa Triumph Spitfire.

Mtundu waciwiri ndi wa bokosi. M'kati mwa bokosi muli citsulo ca mizere yozungulira cimene cimasuntha mkono wotuluka kunja, ndipo mkonowo umakoka mitanda yopita ku mawilo. Mtunduwu upezeka pa Land Rover ya Series, pa Hilux yakale ndi pa malole ambiri. Uli ndi mfundo zambiri, kotero malo amene angagwire dzimbiri nawonso ndi ambiri.

Pa mapeto pake, wilo lililonse limazungulira pa msomali wake. Pa magalimoto ena msomaliwo ndi kingpin, pa ena ndi ball joint, ndipo pa Land Rover ndi mpira wa citsulo wonyezimira wochedwa swivel. Kulemera konse kwa kutsogolo kwa galimoto kumakhala pa mfundo zimenezi.

Ciongolero copanda makina othandiza cimalemera galimoto ikaima, ndipo zimenezi si vuto. Tayala loima limagwira pansi mwamphamvu, ndipo kulipotoza kuli ngati kupera mphira pa phula. Galimoto ikangoyamba kuyenda, ngakhale pa liwiro la munthu woyenda pansi, ciongolero cabwino cimapepuka. Cikakhalabe colemera galimoto ili pa ulendo, pamenepo pali vuto.

Zizindikiro zimene zimaloza kumene kuli vuto

Makanika wodziwa nchito amayamba ndi mafunso asanagwire sipanala, cifukwa kalimbidwe ka ciongolero kamanena zambiri.

Cizindikiro coyamba ndi kusabwerera pakati. Galimoto ikamaliza kukhota, ciongolero cabwino cimabwerera cokha m'manja mwa woyendetsa. Ngati woyendetsa afunika kucibweza ndi mphamvu nthawi zonse, ndiye kuti mfundo ina yauma kapena yamangidwa mopitirira muyezo.

Caciwiri ndi kulimba ndi kufewa mosinthanasinthana pamene gudumu likuzungulira. Kawirikawiri zimenezi zimacokera ku kamtanda kolumikiza mtanda wa ciongolero ndi makina a pansi, kochedwa universal joint, kakagwira dzimbiri.

Cacitatu ndi kulimba pa malo amodzi okha. Ciongolero cikamagwira pakati penipeni, kapena cikamafewa pakati ndi kugwira cikapita kumbali, wokayikiridwa woyamba ndi bokosi limene linamangidwa molakwika.

Cacinai ndi kulemera mbali imodzi kuposa inzake. Apa mwina citsulo cina cinapindika galimoto itagunda dzenje kapena citsa, mwina tayala limodzi lacepa mphepo, kapena msomali wa wilo limodzi ndiwo wauma.

Nthawi imene vuto linayamba imathandizanso. Ngati linayamba pambuyo poika matayala atsopano, pambuyo pooloka mtsinje, kapena galimoto itakhala miyezi yambiri pansi pa mtengo osayenda, kufufuza kuyambire pamenepo.

Kuyambira ku matayala

Lamulo la nchito imeneyi ndi kuyamba ndi zochipa. Eni magalimoto ambiri agula bokosi lina la ciongolero pa mtengo wokwera pamene vuto linali mphepo ya m'matayala.

Tayala locepa mphepo limafwamphuka ndi kugwira pansi malo aakulu, motero limakana kupotoka. Mphepo ipimidwe ndi geji m'mawa matayala asanatenthe, ndipo muyezo utengedwe m'buku la galimotoyo kapena pa kacitsulo kolembedwa ka pa citseko. Pa magalimoto ang'onoang'ono ambiri muyezowo umakhala pafupi ndi 2 bar, amene ndi 29 psi, koma mavani onyamula katundu amasiyana. Kuponda tayala ndi phazi kapena kuligogoda ndi citsulo sikupereka muyezo woona.

Kukula kwa tayala nakonso kuli ndi mbali yake. Magalimoto akale anapangidwira matayala oonda. Munthu akaika matayala otambalala cifukwa ca maonekedwe, kapena cifukwa ndi amene anapezeka pa mtengo wabwino, ciongolero cimalemera. Magalimoto ena akale kwambiri anapangidwira matayala a mtundu wa cross-ply, matayala a radial amene kampani ya Michelin inatulukira mu 1946 asanafalikire, ndipo amalemerako pa liwiro locepa akavekedwa matayala a radial. Malimu amene amatulutsa wilo kunja kwambiri amaonjezanso vutoli.

Cina cimene anthu amaiwala ndi kukula kwa gudumu la ciongolero. Opanga magalimoto akale anaika magudumu aakulu mwadala, monga mmene mpini wautali umapepukitsira nchito ya khasu. Kucotsa gudumu la masentimita 40 ndi kuika la masentimita 33 kumacititsa kuti manja agwiritse nchito mphamvu yoonjezera ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu.

Kulemera kwa kutsogolo kuonedwenso. Injini yaikulu ya dizilo yoikidwa m'malo mwa ya petulo, zitsulo zochinga kutsogolo, kapena matayala awiri omangidwa pa boneti, zonsezi zimapanikiza mawilo a kutsogolo. Koma katundu woculuka kumbuyo amacita zosiyana: amanyamula kutsogolo, ciongolero cimapepuka mwacinyengo, ndipo galimoto imaleka kumvera pa ngodya.

Kunyamula galimoto ndi kugawa nchito pawiri

Matayala akapezeka kuti ali bwino, galimoto inyamulidwe kutsogolo mpaka mawilo onse awiri acoke pansi. Nchitoyi icitikire pa malo osalala ndi olimba, mawilo a kumbuyo atachingidwa. Galimoto ikhazikike pa zitsulo zoimikira kapena pa zipika zazikulu za mtengo wolimba. Jeke yokha ndiyosadalirika, ndipo njerwa zimaphwanyika mosacenjeza. Munthu asalowe pansi pa galimoto imene yangotsamira pa jeke.

Mawilo ali m'mwamba, ciongolero ca galimoto yaing'ono ciyenera kuzungulira ndi zala ziwiri kucokera kumapeto kwina kufika kwina, mosagwira paliponse. Cikapepuka motere, vuto lili ku matayala, ku kaimidwe ka mawilo, kapena ku mfundo imene imagwira pokhapokha italemedwa. Cikakhalabe colimba, ndiye kuti pali cimene cauma, ndipo cifunika kupezeka.

Njira yacidule ndi kumasula mitanda imene imalumikiza makina a ciongolero ndi mawilo, pa mfundo zochedwa tie rod end. Zikamasulidwa, makinawo agawika pawiri. Makanika amagwira wilo lililonse ndi manja ndi kulikankha uku ndi uku. Wilo labwino limayenda mosalala, pamene lodwala limakana, limalira, kapena limayenda modumphadumpha. Kenako amazungulitsa gudumu la ciongolero palokha. Mwa njira imeneyi amadziwa ngati vuto lili ku mawilo kapena kumtunda, ndipo sagula cinthu mongoganizira.

Pomasula mfundozi pafunika cida cake cokankhira. Kumenya ndi nyundo pa mizere ya boluti kumaononga mfundo imene mwina inali yabwino.

Mfundo za ku mawilo

Pa magalimoto a m'cigawo ca Kum'mawa, adani aakulu a mfundo za ku mawilo ndi fumbi la m'cilimwe ndi madzi a m'dzinja. Fumbi likasakanikirana ndi girisi wakale limapanga phala lopera citsulo. Madzi a m'mitsinje ndi m'madambo amalowa pamene mphira wang'ambika, ndipo dzimbiri limayamba.

Kingpin ili ndi timilomo tolowetsera girisi. Timilomoti tipukutidwe kaye kuti dothi lisakankhidwire m'kati, ndipo girisi apopedwe wilo lili m'mwamba, cifukwa kulemera kwa galimoto kumatseka njira imene girisi amadutsa. Kupopa kupitirire mpaka girisi wakale wakuda atuluke ndi watsopano aonekere. Girisi akakana kulowa, kamlomoko kamasulidwe ndi kutsukidwa kapena kusinthidwa. Akakanabe, mfundo yonse ifunika kupasulidwa. Buku la MGB limalamula kupopa girisi pa mamailosi 3,000 alionse, amene ndi makilomita pafupifupi 4,800. Galimoto yoyenda m'miseu ya fumbi ifunika girisi kawirikawiri kuposa apo.

Pa Triumph Spitfire ndi magalimoto ena a kampaniyo, pansi pa msomali wa wilo pali mfundo ya mizere yochedwa trunnion. Opanga analamula kuti muikidwe oilo wa magiya wa EP90. Mfundoyi ikauma, ciongolero cimalimba, ndipo mapeto ake msomali ungathyoke ndi wilo kugonera m'kati. Apa kulimba kwa ciongolero ndi cenjezo lomaliza.

Pa Land Rover ya Series, mpira wa swivel uyenera kukhala wosalala. Ukacita zipsera za dzimbiri umang'amba mphira wotseka, oilo amatha, ndipo mabeyaring'i amauma. Kulimba kwa mfundoyi kumaikidwa ndi timapepala ta citsulo toonda tochedwa shim, ndipo kumapimidwa ndi sikelo ya sipuling'i, yonga imene amalonda amapimira nyama kapena nsomba. Muyezo wake uli m'buku la galimotoyo. Kucotsa timapepala tambiri pofuna kuthetsa kugwedera kumalimbitsa ciongolero.

Land Rover ilinso ndi cida cina cochedwa relay, cobisika m'citsulo copingasa ca kutsogolo kwa chasisi. Cimafuna oilo, koma cifukwa ca kubisika kwake cimaiwalika zaka zambiri mpaka kuuma. Ciyesedwe pacokha, mikono yake itamasulidwa. M'kati mwake muli sipuling'i yamphamvu imene ingavulaze munthu, conco wosadziwa asacipasule. Pa mavani a bokosi okhala ndi mkono wothandiza mbali inayo, wochedwa idler arm, mabushu ake nawonso amauma mofananamo.

Ball joint zambiri za masiku ano zinatsekedwa ku fakitale ndipo zilibe polowetsera girisi. Yoteroyo ikang'ambika mphira ndi kugwira dzimbiri, mankhwala ake ndi kuisintha.

Bokosi, mtanda wa mano ndi mtanda wa ciongolero

Ngati mawilo ayenda bwino koma gudumu la ciongolero likadali lolimba, maso aloze kumtunda.

Coyamba ndi oilo wa m'bokosi. Mabokosi ambiri akale amafuna oilo wa magiya wa EP90. Mphira wa pansi ukatha, oilo amadontha pang'onopang'ono mpaka bokosi kuuma. Ena amadzaza girisi wolimba kuti kudontha kuthe, koma girisi wotere amakankhidwira m'mbali ndipo sabwerera pa mano, motero citsulo cimapera cinzake. Coyenera ndi kusintha mphira ndi kuthira oilo amene buku lanena. Oilo wotuluka ngati mkaka asonyeza kuti madzi analowa.

Caciwiri ndi boluti yocepetsera kugwedera, imene ili pamwamba kapena pambali pa bokosi. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Galimoto imathera nthawi yaikulu ikuyenda molunjika, kotero mano a bokosi amadyeka kwambiri pakati. Munthu akamanga boluti mpaka kugwedera konse kwa pakati kuthe, mano osadyeka a m'mbali amapanikizana, ndipo ciongolero cimagwira pamene galimoto ikukhota. Boluti imangidwe pang'onopang'ono, mawilo atalunjika ndiponso ali m'mwamba, ndipo pambuyo pa kumanga kulikonse ciongolero cizungulitsidwe mpaka kumapeto onse awiri. Bokosi limene silingathe kugwedera popanda kugwira latha, ndipo lifunika kukonzedwa m'kati kapena kusinthidwa.

Kugwedera pang'ono ndi kololedwa. Pa kupima magalimoto kwa ku Britain kochedwa MOT, gudumu la mamilimita 380 limaloledwa kuyenda mpaka mamilimita 75 mawilo asanayambe kusuntha ngati galimoto ndi ya bokosi, ndi mamilimita 13 ngati ndi ya rack and pinion. Izi zionetsa kuti kufuna kuti bokosi lakale likhale lothina ngati galimoto yatsopano ndi kulakwitsa.

Pa rack and pinion, coyamba kuona ndi mphira zopindapinda za kumapeto onse awiri. Imodzi ikang'ambika, mcenga ndi madzi zimalowa pa mano. Mtandawo ucotsedwe, utsukidwe, upakidwe mafuta oyenera ndi kuvekedwa mphira zatsopano. Palinso kasipuling'i kamene kamakankha mtanda kuti ulumane ndi giya, ndipo kakathina kwambiri ciongolero cimalemera. Mtanda umene unapindika pa ngozi umagwira mbali imodzi, ndipo suongoledwa koma kusinthidwa.

Mtanda wotsika kucokera ku gudumu uli ndi mabushu pamwamba ndi pansi, amene amauma kapena kutupa. Ufunikanso kulunjikana bwino ndi makina a pansi. Pa galimoto imene inagundapo kapena inapasulidwa ndi kumangidwanso, ziwirizi zingasemphane pang'ono, ndipo maboluti akamangidwa mtanda umakakamizika. Makanika amamasula maboluti ogwira mtandawo ndi kuona ngati ciongolero capepuka. Cikapepuka, amaikapo timapepala ta citsulo mpaka zonse zilunjikane.

Magalimoto ena a m'chire ali ndi cida conga shokabu cogona copingasa, coletsa ciongolero kumenya manja pa mabampu. Naco cingapindike kapena kuuma. Kucimasula mbali imodzi ndi kuyesanso ciongolero kumapereka yankho m'mphindi zocepa.

Kaimidwe ka mawilo

Msomali umene wilo limazungulirapo unapendekeka pang'ono cammbuyo, monga foloko ya njinga. Kupendekeka kumeneku, kumene amakanika amakucha caster, ndiko kumabweza ciongolero pakati ndi kucititsa galimoto kuyenda molunjika. Kukaculuka, ciongolero cimalemera. Kukacepa, galimoto imayendayenda mu mseu. Masipuling'i otopa, zitsulo zokwezera galimoto zosakhala za muyezo, ndi ekiselo yopindika, zonse zimasintha kupendekeka kumeneku.

Mawilo a kutsogolo alinso ndi muyezo wa mmene ayenera kupenyerana. Ukalakwika, matayala amadyeka mbali imodzi ndipo galimoto imakoka. Posintha tie rod end, makanika amawerenga mizere kuti yatsopano ikhale pamene panali yakale, koma zimenezi zimangothandiza kuti galimoto ikafike ku garaji ya makina opimira mawilo. Ndalama ya kupimitsa imacepa poyerekeza ndi mtengo wa matayala awiri otha msanga.

Zimene siziyenera kucitika

Kumidzi, kumene zitsulo zatsopano zili kutali ndipo ndalama ndi zosowa, amakanika amapulumutsa anthu ambiri ndi luso lao. Koma pa ciongolero pali malire amene sayenera kudumphidwa.

Mkono kapena mtanda wa ciongolero usaotchedwe ndi moto pofuna kuuongola, ndipo wothyoka usalumikizidwe ndi kuwotcherera. Zitsulozi zinalimbitsidwa mwapadera ku fakitale, ndipo moto umazifooketsa m'njira imene maso saona. Nati iliyonse ya pa mfundo ikhale ndi pini yake yatsopano yoitsekera. Msomali wa denga kapena waya sizilowa m'malo mwa pini imeneyi. Oilo wakuda wocoka mu injini asathiridwe m'bokosi. Mfundo yogwedera isamangidwe ndi malegeni. Citsulo cogwirapo kale nchito cogulidwa ku msika cipimidwe bwino cisanaikidwe, popeza cingakhale cocokera ku galimoto ya ngozi.

Masiku ano kuli makina a magetsi amene angaikidwe pa mtanda wa ciongolero ca galimoto yakale kuti cipepuke. Amathandiza okalamba ndi oyenda m'mizinda, koma sacotsa dzimbiri. Akaikidwa pa galimoto ya mfundo zouma amabisa cenjezo, ndipo mphamvu yao imapanikiza citsulo codwala mpaka kuthyoka. Makina akale ayambe akonzedwa, ndipo kawirikawiri mwini galimoto amapeza kuti oonjezerawo safunikanso.

Nchito ikatha, maboluti onse aonedwenso kaciwiri. Galimoto iyesedwe pa liwiro locepa pa malo opanda anthu, ikhote mbali zonse ziwiri, ndipo ciongolero cionedwe ngati cikubwerera cokha. Kutsetsereka kwa mapiri a Kacholola, galimoto itadzaza anthu ndi matumba, si malo oyeserapo nchito yatsopano.

Lamulo ndi nyengo

Bungwe loona za mayendedwe ndi citetezo ca pa mseu la RTSA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la Road Traffic Act la mu 2002, ndilo limapima magalimoto ndi kupereka ziphaso zosonyeza kuti ali oyenera kuyenda pa mseu. Ciongolero ndi cimodzi mwa zimene zimapimidwa. Komabe ciphaso cimanena za mmene galimoto inalili tsiku lopimidwa. Pa masiku ena onse udindo uli m'manja mwa mwini galimoto ndi woyendetsa.

Nthawi ziwiri pa caka ndi zofunika kwambiri. Yoyamba ndi mwezi wa October, mvula isanayambe, pamene mphira zong'ambika ziyenera kusinthidwa ndi mfundo zonse kudzazidwa girisi kuti madzi asapeze polowera. Yaciwiri ndi April kapena May, mvula itatha ndipo nchito yonyamula zokolola ili pafupi, pamene matope afunika kutsukidwa ndi oilo wa m'bokosi kuonedwa ngati walowa madzi. Galimoto imene yaoloka madzi ofika pa ekiselo ipopedwe girisi osadikira nyengo.

Woyendetsa wolembedwa nchito akamva kuti ciongolero casintha afunika kuuza mwini galimoto tsiku lomwelo, ndipo mwini galimoto afunika kumumvera. Cubu ca girisi, lita imodzi ya oilo wa magiya ndi mphira ziwiri zatsopano ndi ndalama zocepa poyerekeza ndi mtengo wokoka galimoto kucoka m'phompho, ndipo okwera amene ali kumbuyo kwa vani alibe njira yodziwira mmene ciongolero cilili m'manja mwa amene akuwayendetsa.